Gogodera wa a Yobe, Zala za Keziya

Ku Simlemba mukafunsa za mlenje amene anateteza minda ya pa esiteti ya Chankhandwe kwa zaka pafupifupi makumi atatu, aliyense akutchulirani a Yobe Makwinja. Akuuzani kuti bamboyo ankalowa m'thengo ndi chipolopolo chimodzi chokha, opanda thumba, opanda nyanga ya wonga, ndipo kuti mfuti sinawang'ambepo ngakhale chikhadabo. Zonsezi n'zoona. Mukafunsa za akazi awo, a Keziya, munthu amayamba wakanda m'mutu, kenaka n'kuti, "Aaa, aja osankha bwino fodya aja." Nazonso n'zoona.

Keziya anabadwa m'chaka cha 1963, mwana wachinayi wa a Tobiyasi Chirwa, osula makasu ndi nkhwangwa cha kumpoto kwa Simlemba, kumene munthu amayamba nkhani m'Chichewa n'kukaimalizira m'Chitumbuka. A Tobiyasi anali ndi mfuti ya gogodera, ija yothira wonga ndi chipolopolo kukamwa kwake n'kutsinira ndi ndodo. Anali ndi kalata yake ya boma, imene ankaisunga m'chitini cha tiyi. Analinso ndi zala khumi, mpaka chaka chimene Keziya anakwanitsa zaka zisanu ndi zinayi.

Chaka chimenecho, m'mawa wina, anapeza nguluwe zikumaliza chimanga cha kudimba. Anawombera n'kuphonya. Pofulumira kuti awomberenso, anathira wonga kuchokera m'nyanga momwemo, osadziwa kuti mumpope wa mfuti munatsalira kakhala ka moto. Nyanga inaphulikira m'manja. Kudzanja lamanja kunatsala chala chachikulu ndi chaching'ono, ndipo nguluwe zinabweranso mawa lake kudzatsiriza ntchito yawo.

Ana aamuna atatu anali atapita kale kumaesiteti kukalima fodya. Pakhomo panatsala Keziya. Motero mtsikanayo anasanduka zala za atate ake. Kuwombera, a Tobiyasi ankati, si ntchito ya mwana wamkazi, n'koopsa. Koma kuthira wonga, kumene kunawadyera zala iwowo, ankaona kuti mtsikana angathe.

Ankamukhazika pa mphasa kuseri kwa chisakasa chosuliramo, mfuti itaima pakati pa mawondo ake, kukamwa kwake kutaloza kutali ndi nkhope. Wonga ankayamba wauthira m'kabango koyezera, nyanga n'kuitseka n'kuiika patali, kenaka ndiye kukhuthulira mumpope. Chipolopolo chinali cha mtovu, choumbidwa m'kachikombole kamene a Tobiyasi anakonzera mfuti yomweyo. Ankachikulunga m'kansalu kopaka mafuta a nsatsi, n'kuchikankha ndi ndodo.

"Pachokopachoko, mwana wane," atate ake ankatero m'Chitumbuka, kutanthauza kuti pang'onopang'ono. "Chimvere m'dzanja. Chikagwa chokha ngati mwala m'chitsime, n'chaching'ono, chidzasunthanso chokha mfuti ukaiweramitsa. Chikafuna nyundo, n'chachikulu, chidzakakamira panjira. Chiyenera kutsika chikukana pang'ono, mpaka chikakhale pa wonga penipeni. Ukasiya mpata pakati pa ziwirizi, mpope umang'ambika ngati nzimbe."

Pa ndodo yogogodera anatemapo mphini ziwiri. Ndodo ikalowa mpaka mphini ya kumwamba, ndiye kuti m'mfuti mulibe kanthu. Ikaima pa mphini ya m'munsi, muli wonga ndi chipolopolo chimodzi, zokhala bwino. Ikaima pena paliponse, mfutiyo sinali yowombera. Chomaliza pa zonse chinali kachipewa ka mkuwa kamene kamathetheka moto kanyundo kakagwa, ndipo kameneka sikankavekedwa mpaka nyama itaoneka ndi maso.

Pofika zaka khumi ndi zisanu, Keziya ankatha kungogubuduza chipolopolo pakati pa zala ziwiri n'kunena ngati chingalowe kapena ayi. Palibe anamuyamikira, chifukwa palibe ankadziwa. Anthu ankangodabwa kuti a Tobiyasi, ndi zala ziwiri, akupherabe banja lawo ndiwo.

A Yobe anatulukira m'chaka cha 1983. Anali mwana wa matenanti ochokera ku Phalombe, amene anabwera pa lole pamodzi ndi mabanja ena kudzalima fodya wa bale ku Chankhandwe. Anabwera kwa a Tobiyasi kudzasulitsa khasu, ndipo khasu limodzilo analibwerera kasanu. Anali mnyamata wamtali, woyenda ngati msewu ndi wake, wodziwa kukamba nkhani mpaka wosula kuiwala chitsulo pamoto. Atakwatirana ndi Keziya, a Tobiyasi, amene mapewa anali atayamba kukana kugunda kwa mfuti, anapereka gogodera uja kwa mkamwini wawo, kalata n'kusinthitsa dzina. Pomupatsa anati, "Mfuti iyi ili ndi mwambo wake. Mwanayu akuudziwa." A Yobe anaseka mwaulemu, monga mmene munthu amasekera nthabwala ya apongozi.

Sabata yoyamba yomwe, a Yobe anaganiza zoyesa chuma chawo chatsopano. Anathira wonga moyerekeza ndi maso, n'kuponyamo kachidutswa ka bawuti kamene anatola kugalaja ya esiteti. Keziya, amene ankapeta mphale pakhonde, anaika lichero pansi.

"Tabweretsani ndione."

Anatenga mfuti ija, n'kupita nayo kuseri, n'kuchotsamo zonse. Anaipukuta, n'kuthiramo monga anaphunzirira, n'kuibweza. A Yobe anaiyang'ana kanthawi, anamuyang'ana mkaziyo, n'kunena kuti, "Mwakhoza. Ndimafuna ndione ngati madala anakuphunzitsani zoona."

Nkhaniyi sanaikambenso. Kuyambira tsiku limenelo, mfuti inkathiridwa wonga kuseri kwa nyumba, ndipo inkatulukira kumaso ili paphewa pa a Yobe.

Mwini esiteti atamva kuti pakati pa matenanti pali wina wa mfuti ya kalata, anawachotsa m'munda n'kuwapatsa ntchito yolondera chimanga ndi mtedza, zimene nguluwe ndi anyani ochokera m'phiri ankadya ngati analima nawo. Apa mpamene mbiri inayambira. A Yobe akawombera kamodzi, kaya apha kaya aphonya, ankabwerera kunyumba, chifukwa wothira wonga anali kunyumbako. Alonda anzawo atafunsa chifukwa chake sanyamula thumba la zipolopolo, anayankha mosaphethira kuti, "Thumba ndi la anthu ophonya. Mlenje weniweni amawombera kamodzi."

Chodabwitsa n'chakuti mawuwo anadzakhala oona. Munthu wodziwa kuti akaphonya ayenda makilomita atatu kubwerera kwa mkazi wake sawombera mwachisawawa. A Yobe anaphunzira kudikira, kuyandikira, kupuma kaye. Ankapha, ndipo nyama inkafika pakhomo.

Keziya anabereka ana asanu, woyamba Sunganani. Nyengo ya fodya ankakhala m'chigafa ndi amayi anzake kusankha masamba, ndipo kapitawo ankamuika pa mulu wovuta, chifukwa zala zake zinkasiyanitsa tsamba lokhuthala ndi lopyapyala iye akuyang'ana kwina. Amayi ankamuuza kuti ali ndi mwayi kukwatiwa ndi mwamuna wodziwa mfuti chotero, pamene alonda ena akuyenda ndi zipsera kumaso. Iye ankavomera kuti mwayi alidi nawo. Sankadandaula. Ana ankadya nyama, mwamuna ankabwera ndi zala zonse, nanga china n'chiyani? Chokhacho chimene chinkamuyabwa chinali kumva mawu a atate ake akutuluka m'kamwa mwa a Yobe pamowa. Mlomwe wa ku Phalombe, chikho m'manja, akuuza anzake kuti, "Pachokopachoko, anyamata, chimvereni m'dzanja," pamene dzanja lakelo silinamverepo kanthu.

Alonda a m'maesiteti oyandikana nawo anayamba kubwera kudzafunsa nzeru. Wobwera kawirikawiri anali a Ernest Gausi, bambo wachete, wa mfuti ya mpope waukulu kuposa ya a Yobe. Tsiku lina anabwera ndi timipira tachitsulo tochokera m'gudumu la thirakitala, towala bwino, kudzafunsa ngati tingagwire ntchito ya zipolopolo. A Yobe anatitembenuzatembenuza m'manja, nkhope itachita makwinya a munthu woganiza mozama.

"Tandidikirani, ndikataye madzi."

Anapita kuseri, kumene Keziya ankatsuka mbale. Atabwerako anakhala pansi, anatsokomola, n'kugamula kuti, "Chitsulo sichigonja, achimwene. Mtovu ukapanikizika umafewa, koma ichi chikakakamira, chogonja ndi mpope wanu. Kaponyereni ana azisewerera." A Ernest anathokoza kwambiri. Anangodabwa kuti katswiriyu chikhodzodzo chimamuvuta nthawi zonse akafunsidwa funso lolimba.

Zinayenda chonchi mpaka mwezi wa Julaye chaka cha 2011. Mlonda wina wa cha ku Nkhamenya anali atataya diso mfuti itamuphulikira, ndipo bungwe lina loona za alimi ndi nyama zakuthengo linaitanitsa alonda onse okhala ndi mfuti za makalata kuti aphunzire kasamalidwe kake. Msonkhano unaikidwa pabwalo la mpira la ku Chankhandwe. A Yobe atamva kuti alonda khumi ndi anayi adzasonkhana ndi mfuti zawo, anamvetsa mwa njira yawoyawo.

"Mayi a Sunganani, kumeneko kukakhala kupikisana kuwombera. Ikonzeni bwino lero, asakandichititse manyazi ana a dzulo."

Keziya anaikonza. Ndodo inaima pa mphini ya m'munsi ndendende. Kachipewa ka mkuwa anakaika m'thumba la malaya a mwamuna wake monga mwa masiku onse. Kenaka anamanga chitenje n'kutsatira, chifukwa anali m'gulu la amayi ophikira msonkhanowo.

Mphunzitsi anali a Lusekelo Mwakasungula, bambo wa zaka za m'ma makumi atatu, waulemu, wa mapepala akuluakulu ojambulapo mfuti yodulidwa pakati. Anali atawerenga zambiri za gogodera, koma kumugwira anali asanamugwirepo. Amayi anayatsa moto pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndithu moti mawu onse ankamveka. Keziya anapatsidwa kabichi kuti adule.

"Tisanayambe," anatero a Lusekelo, "lamulo loyamba ndi ili: munthu wanzeru sabwera pagulu ndi mfuti yothira kale. Ndikhulupirira kuti mfuti zonse zili pano zilibe kanthu. Si choncho?"

"Ndi choncho!" anayankha alonda, ndipo mawu omveka kuposa onse anali a a Yobe.

Mpeni wa Keziya unaima pakati pa kabichi. Kenaka anapitiriza kudula. Anadziuza kuti palibe vuto, kachipewa kali m'thumba, mfuti ingogona pa udzu mpaka msonkhano uthe.

A Lusekelo anaphunzitsa ola lathunthu, ndipo zambiri zimene ananena zinali zolondola. Atatopa ndi mapepala anati, "Tsopano tione ndi maso. Ndamva kuti pakati pathu pali bambo amene agwira mfuti zaka zambiri osavulalapo. Bambo Makwinja, chonde bwerani mutisonyeze mmene mumathirira, kuyambira poyamba."

Anthu anawomba m'manja. A Yobe anaimirira pang'onopang'ono. Anayang'ana kumtengo wa mango, koma mtengo wa mango unali kutali kwambiri kuti munthu apiteko kukataya madzi pamaso pa amayi.

"Ine sindiyenda ndi thumba," anatero, mawu akumveka ngati apeza khomo lothawira.

"Musavutike, achimwene, nali langa," anatero a Ernest mokoma mtima, akupereka nyanga, kabango ndi zipolopolo zawo.

Keziya anaona zonse. Anaona mwamuna wake akuyeza wonga m'kabango mwaukatswiri, chifukwa kuonerera anali ataonerera zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu. Anamumva akufotokoza bwinobwino za kutseka nyanga, za nkhope kukhala kutali ndi kukamwa kwa mfuti. Anamuona akukhuthulira wonga wachiwiri pamwamba pa chipolopolo chimene iye anaika m'mawa. Kenaka anamuona akutenga chipolopolo cha a Ernest, choumbidwira mpope waukulu, n'kuchikulunga m'kansalu. Ngakhale ali pa mtunda umenewo, zala zake zinadziwa kuti sichilowa.

Chinalowa pang'ono, n'kukana. A Yobe anakankha ndi manja awiri. Chinatsika pang'ono, n'kukaniratu. Anatola chikuni n'kuyamba kukhoma ndodo, go, go, go, uku akunena kuti, "Pachokopachoko, anyamata." Ndodo inaima itatulukira kunja kutalika ngati mkono wa mwana, mphini zonse ziwiri zili m'mwamba, zikuoneka kwa aliyense wodziwa kuziwerenga. Wodziwa kuziwerenga anali mmodzi, ndipo anali ndi kabichi pamiyendo.

Anadziuzabe kuti zithera pomwepo. Mwamunayo anena kuti umu ndi mmene timachitira, akhala pansi, madzulo iye achotsa zonse kuseri kwa nyumba.

"Zikomo kwambiri, bambo," anatero a Lusekelo. "Tsopano timve kulira kwake. Chulu chija chili kuseri kwa golo, kulibe munthu. Tiwombereni kamodzi kanu kotchuka kaja."

Alonda anakuwa mokondwa. A Yobe anaima chilili. Keziya anadikira kuti anene chinachake, mutu ukuwawa, wonga wanyowa, chilichonse, pakuti pakamwa pamenepo sipanasowepo chonena. Koma a Yobe anatembenukira kuchulu, n'kulowetsa zala m'thumba la malaya, n'kutulutsa kachipewa ka mkuwa.

Keziya sakumbukira kuti anaimirira bwanji. Akumbukira kuti anatunga madzi m'ndowa ndi kapu ya pulasitiki, n'kudutsa pakati pa bwalo, osathamanga, chifukwa mkazi wothamanga akanadabwitsa anthu. Anafika pamaso pa mwamuna wake n'kugwada, kapu m'manja awiri.

"Bambo a Sunganani, madzi. Mwayankhula nthawi yaitali."

Alonda anaseka, wina n'kunena kuti ulemu wotere unatha kalekale. A Yobe anayang'ana pansi. Keziya anayankhula motsitsa, milomo isakusuntha kwenikweni.

"Mukaveka kachipewako, Lachisanu tikuikani m'manda opanda nkhope. Ndipatseni."

Kuti alandire kapu, a Yobe anayenera kumasula manja. Kachipewa kanagwera m'dzanja la Keziya, mfuti n'kutsatira. Anamwa madzi onse pang'onopang'ono mpaka kapu kuuma, ndipo poitsitsa anali atakhalanso a Yobe a masiku onse.

"Mwaona?" anatero mokweza, akuloza alonda ndi kapu. "Amuna khumi ndi atatu, ndi aphunzitsi omwe, mwakhala mukundiyang'ana ndikukonza maliro anga, palibe ndi mmodzi yemwe watsegula pakamwa! Ndakhoma chipolopolo ndi chikuni, inu n'kumawomba m'manja! Ndimafuna ndione ngati alipo ali maso. Wazindikira ndi mzimayi wa kukhitchini. Mayi a Sunganani, tawauzani anthuwa zimene ndinakuphunzitsani."

Keziya anagoneka mfuti pa udzu, kukamwa kutaloza kuchulu. Kachipewa anakamanga pa mfundo ya chitenje chake. Anati akufuna ndodo ina imene ili kunyumba, ndipo pasapezeke wokhudza mfutiyo. Anapita n'kubwera pa mphindi makumi awiri, ndipo nthawi yonseyo a Yobe sanasowe chouza anthu.

Ndodo imene anabwera nayo inali yachitsulo, yosulidwa ndi atate ake, ya nsonga yopota ngati sikuluwu. Anayamba wathira madzi mumpope ndi pakabowo ka kachipewa kuti wonga unyowe. Analowetsa ndodo, n'kuipotokola mpaka inaluma mtovu. Anapempha a Ernest kuti agwire thako la mfuti, iye ataima chammbali, n'kukoka. Chipolopolo chinatuluka chokalikakalika, kansalu katang'ambika. Anachipereka kwa a Lusekelo.

"Ichi n'cha mfuti ya a Gausi. N'chabwino, koma m'mfuti yawo. Muno chinaima pakati panjira, pansi pake pali mpata."

Anaonetsa mphini za pa ndodo yogogodera, n'kufotokoza tanthauzo lake m'mawu ochepa. Anakhuthula phala lakuda la wonga wonyowa, n'kulowetsa ndodo ya mphiniyo. Inaima pa mphini ya m'munsi.

"Ndiye kuti mukadali china," anatero a Ernest motsitsa.

Munalidi china. Chinatuluka chipolopolo chachiwiri. A Lusekelo anayang'ana zipolopolo ziwiri zili m'dzanja lawo, n'kuyang'ana a Yobe.

"Bambo, ndiye kuti munabwera nayo yothira kale?"

"Dala," anayankha a Yobe. "Munafunsa ndi pakamwa, ine ndinayankha ndi pakamwa. Alipo anayeza ndi ndodo?"

A Lusekelo anavula magalasi n'kuwapukuta. Ananena kuti m'misonkhano yonse imene anachititsapo sanaonepo kaphunzitsidwe kozama chotero. Analamula kuti mfuti zonse ziyezedwe pompo, ndipo Keziya anayenda mzere wonse ndi ndodo. Zinapezeka zina zitatu zothira kale. Eni ake anati nawonso anachita dala, koma nzeru imeneyi inali ndi mwini wake kale, ndipo palibe anawakhulupirira.

Potseka msonkhano, a Yobe analandira satifiketi ndi tisheti yobiriwira. A Lusekelo anawonjezera kuti chimene chawakhudza mtima koposa ndi kuona bambo wakumudzi amene sanabise luso lake, koma anagawana ndi mkazi wake. Anajambulidwa chithunzi atanyamula mfuti. Keziya sanalowe m'chithunzicho chifukwa inali nthawi yogawa chakudya, ndipo kabichi anali atachedwa.

Pobwerera kunyumba dzuwa linali litapendeka. Anadutsa m'minda ya fodya yokololedwa kale, mapesi ali njo, mphepo ya Julaye ikuwomba fumbi. A Yobe anali patsogolo ndi mfuti, Keziya pambuyo ndi ndowa pamutu. Anayenda mpaka theka la njira.

"Ndinkadziwa kuti m'mfutimo muli ziwiri," anatero a Yobe osatembenuka.

"Ndikudziwa kuti munkadziwa."

"Ndinkati mwina ingolira mwamphamvu basi."

"Simunkaganiza choncho."

Anayendanso pang'ono. Keziya ndi amene anafunsa, chifukwa funsolo linali likumuvuta kuyambira masana.

"Ndikanapanda kubwera, mukanawombera?"

A Yobe anaima. Anayang'ana tisheti imene anaikoleka paphewa, anayang'ana kuphiri.

"Anthu anali atawomba kale m'manja," anatero.

Keziya anatula ndowa n'kukhala pamzere wa fodya. Pamenepo mpamene analira, kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo, ndipo sanadziwe ngati akulira ndi mantha kapena ndi mkwiyo. Zaka zonsezi ankaganiza kuti akuteteza mwamuna wake ku mfuti. Sanadziwe kuti munthuyo angasankhe kuphulika nkhope kusiyana ndi kunena pagulu kuti sadziwa. A Yobe anaima pambali pake ngati mlendo pa maliro a munthu wosamudziwa. Kenaka anachita chinthu chimene sanachitepo: ananyamula ndowa ija, n'kuyenda nayo mpaka kunyumba, ngakhale kuti pofika pafupi ndi nyumba za matenanti anaigwira motsitsa, kumbali yosaonekera.

Patapita masiku atatu a Ernest anabwera. Anapereka moni kwa a Yobe pakhonde, n'kunena kuti akazi awo awatuma mbewu ya maungu kwa mayi a Sunganani. Anazungulira kuseri, anakhala pa mtondo, n'kutulutsa zipolopolo zisanu m'thumba. Sanafunse chilichonse chokhudza zaka zapitazo. Keziya anazigubuduza m'zala, ziwiri n'kuziika pambali. Chaka chimenecho alonda ambiri a m'maesiteti ozungulira anayamba kukonda maungu.

Chaka chotsatira bungwe lija linatumiza galimoto kudzatenga a Yobe kuti akayankhule ku Kasungu, pa msonkhano wa abambo olimbikitsa amayi. Anauzidwa kuti abwere ndi mkazi wawo monga umboni. Keziya anagona m'nyumba ya alendo koyamba m'moyo wake, ndipo anakonda madzi otentha otuluka pakhoma. A Yobe anayankhula mphindi makumi anayi. Pomaliza, mayi wina wa mu ofesi anapereka chimkuzamawu kwa Keziya n'kumufunsa kuti chachikulu chimene waphunzira kwa mwamuna wake n'chiyani. Keziya anaganiza moona mtima, chifukwa sanafune kunama pamaso pa anthu.

"Kupirira," anatero.

Holo yonse inawomba m'manja, ndipo a Yobe anagwedeza mutu modzichepetsa.

Ntchito ya ulonda inatha yokha. Mitengo ya m'phiri inathera kumangira zigafa ndi kuotcha makala, nguluwe zinasamuka osatsanzika, ndipo esiteti inagulitsidwa kwa munthu wolima soya amene ankaopa mbava kuposa anyani. A Yobe anakapereka mfuti kupolisi mwa kufuna kwawo, atavala tisheti yobiriwira, ndipo wapolisi asanailandire Keziya anaiyeza kaye ndi ndodo pakhomo la ofesi.

Lero awiriwa amakhala cha ku Wimbe, pa kamunda kamene Sunganani anawapezera. Keziya amasoka timphasa ta zigamba togulitsa pa tsiku la msika. Maso ake achita ng'ala, moti bowo la singano saliona. M'mawa uliwonse a Yobe amakhala pakhonde n'kumulowetsera ulusi m'masingano asanu, n'kuwabaya pa kansalu motsatana kuti amukwanire tsiku lonse. Ntchitoyi amaigwira bwino ndithu, ndipo m'mudzimo palibe mnansi amene sanauzidwepo za iyo.